Kampani imene inayamba ndi tsache ku Fort McKay

Nditangoyamba ntchito kumpoto kwa chigawo cha Alberta m'dziko la Canada, amalume anga a ku Dedza anandiimbira foni kuti amve mmene ndinkakhalira m'dziko lozizira chotero, ndipo titamaliza malonje anandifunsa kuti kampani imene inandilemba ntchito inali ya yani. Ndinawayankha kuti gawo lalikulu la kampaniyo linali la eni nthaka a kuderako, anthu amene makolo awo ankakhala m'nkhalango zimenezo Azungu asanafike. Amalume anayamba akhala chete, kenako anati, "Mphwanga, ndiye kuti kampaniyo ndi ya mfumu yawo?" Ndinati ayi amalume, si ya mfumu, ndi ya mtundu wonse. Iwo anaseka, nanena kuti mbuzi ya mudzi wonse imagona ndi njala chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake waipatsa kale msipu. Tsiku limenelo ndinalibe chowayankha, ndipo funso lawo linandikhala mumtima zaka zonse zimene ndinagwira ntchito kumeneko.

Ntchito yanga inali ya m'khitchini pa kampu ina yogonapo anthu ogwira ntchito m'migodi ya mafuta. Tinkakhala pa kampupo masiku 14 otsatizana, kenako n'kukwera basi yotsika ndi msewu wa Highway 63 kupita ku Edmonton kukapuma sabata imodzi. Ndinkadzuka 3 koloko m'bandakucha kukaswa mazira osawerengeka ndi kulongedza kamba wa anthu opita ku shifiti, pamene kunja kuzizira kunkafika madigiri 40 pansi pa ziro masiku ena a Januwale. Munthu akamva za mgodi amaganiza za zimagalimoto zonyamula matani oposa 350 pa ulendo umodzi, ndipo zimenezo zilikodi, koma mgodi ulinso ngati tauni imene imadya, kusamba, kugona ndi kutaya zinyalala tsiku ndi tsiku. Pamafunika wina woti aphike, achape zofunda, ayendetse mabasi, athire dizilo m'makina usiku, akankhe chipale chofewa m'misewu, apope zimbudzi, akonze magalimoto ndi kulondera pa geti. Makampani a mafuta sachita zonsezi okha. Amapereka makontirakiti kwa ena, ndipo limeneli ndi khomo limene eni nthaka analowerapo.

Umodzi mwa midzi ya eni nthakawa, wa Fort McKay, uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa tauni ya Fort McMurray, pamene mtsinje wa MacKay umathira mu mtsinje waukulu wa Athabasca. Anthu ake ndi a mitundu ya Dene ndi Cree, ndipo olembedwa m'kaundula wa mtunduwo ndi cha m'ma 900 okha, chiwerengero chimene kwathu chikhoza kukhala cha midzi iwiri kapena itatu. Pansi pa nkhalango yowazungulira pali mchenga wosakanizika ndi phula lakuda, limene makolo awo ankamatira mabwato kuti asalowe madzi. Kuti apeze mgolo umodzi wa mafuta, wa malita 159, a mgodi amakumba mchenga wolemera matani pafupifupi awiri n'kuutsuka ndi madzi otentha. Mgodi woyamba waukulu unatsegulidwa mu 1967 ndi kampani imene lero ikutchedwa Suncor, wa Syncrude unatsatira mu 1978, ndipo kuyambira pamenepo migodi yakhala ikuwonjezereka mpaka mudziwo unatsala pakati ngati chilumba. Makolo a anthuwa analowa m'pangano ndi boma mu 1899, lotchedwa Treaty 8, limene linawalonjeza kuti adzapitiriza kusaka, kutchera misampha ndi kupha nsomba monga kale. Panganolo linalonjezanso madola asanu kwa munthu aliyense pa chaka, ndipo mpaka lero boma limaperekabe madola asanu omwewo, amene sakwanira ngakhale nkhomaliro ya tsiku limodzi.

Mawu akuti eni nthaka akhoza kusokoneza wowerenga wa kwathu, choncho ndiyenera kuwamasulira. Ku Malawi mbadwa ndife ochuluka ndipo boma ndi lathu, pamene ku Canada eni nthaka, kuphatikiza a First Nations, a Métis ndi a Inuit, anali anthu 1.8 miliyoni pa kalembera wa 2021, amene ndi anthu asanu okha pa 100 aliwonse. Lamulo limene lalamulira a First Nations, gulu limene a ku Fort McKay alimo, kuyambira mu 1876 limatchedwa Indian Act, ngakhale kuti anthuwa sakhudzana konse ndi Amwenye amene timawadziwa a ku India. Lamulo limeneli ndi limene limachititsa kuti nkhani ya makampani awo ikhale yodabwitsa. Kwa zaka zambiri mlimi wa mtundu wa eni nthaka m'zigawo za kumadzulo sankaloledwa kugulitsa tirigu kapena mbewu zina za m'munda mwake kwa anthu a kunja popanda chiphaso cha mkulu wa boma woyang'anira dera lake. Kuyambira mu 1927 mpaka mu 1951 kunali koletsedwa kusonkha ndalama zolembera loya woti atsate nkhani za malo popanda chilolezo cha boma. Ndipo ndime 89 ya lamuloli, imene ikugwirabe ntchito, imaletsa munthu wa kunja kulanda katundu amene ali pa malo osungidwira eni nthaka. Ndimeyi inaikidwa ngati chitetezo, koma zotsatira zake n'zakuti banki imazengereza kukongoza munthu wa pamalopo, chifukwa nyumba yake ndi malo ake sizingakhale chikole. Munthu akhoza kukhala ndi luso ndi kontirakiti m'manja, koma n'kulephera kugula thirakitala yoti ayambire ntchito.

Mpaka m'zaka za m'ma 1970 mabanja ambiri a ku Fort McKay ankadalira misampha. Ankatchera nyama za ubweya monga beaver, kanyama kokhala m'mitsinje, n'kugulitsa zikopa, ndipo ndiwo zawo zinali nsomba ndi nyama ya moose, chinyama chachikulu chonga mphalapala. M'zaka za m'ma 1980 zinthu ziwiri zinawagwera pamodzi. Migodi inkadya malo otcherako misampha, ndipo ku Ulaya kunabuka kampeni yodana ndi zovala za ubweya, imene inagwetsa malonda a zikopa. Anthu amene sanaonepo nkhalango ya kumpoto anatseka msika wa mlenje wa ku Athabasca, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akuchita zabwino. Mtunduwo sunayambe ndi kugwirizana ndi makampani. Mu 1983 mfumu yawo, mayi Dorothy McDonald, inatsogolera anthu kutseka msewu pofuna kuletsa malole onyamula mitengo amene ankadutsa pakati pa mudzi mosasamala za ana. Koma kutseka msewu sikubweretsa chakudya m'nyumba, ndipo mu 1986, chaka chimene Jim Boucher anasankhidwa koyamba kukhala mfumu, mtunduwo unakhazikitsa kampani yotchedwa Fort McKay Group of Companies. Inayamba ndi kontirakiti imodzi yosesa ndi kukolopa, ndi antchito 6.

Pamenepa ndi pamene ine ndimaima nthawi zonse ndikamaganizira nkhaniyi, mwina chifukwa nanenso ndagwirapo mopu. Anthu amene nthaka yawo inkatulutsa chuma cha mabiliyoni anayamba ndi kukolopa maofesi a anthu okumba nthakayo, ndipo munthu wamtima wapachala akanati kumeneku n'kunyozeka kosayenera kukuvomera. Komatu ntchito yosesa ili ndi ubwino umene anthu ophunzira sauona msanga. Siifuna makina odula, choncho siifuna ngongole ya ku banki imene ndime 89 inkatsekereza. Siitha, chifukwa fumbi la mgodi limabwerera m'mawa uliwonse. Ndipo imalowetsa kampani m'kati mwa mpanda, mmene imaphunzira malamulo a chitetezo, kalembedwe ka ma invoisi, kawerengedwe ka mtengo wa ntchito ndi mayina a mabwana amene amasaina makontirakiti. Kampani imene yakolopa zaka zingapo popanda ngozi ndiponso popanda kujomba imakhala ndi mbiri yoti n'kupempherapo ntchito yonyamula makalata ndi katundu, kenako yothira mafuta m'makina, kenako yokumba ndi kusalaza dothi. Umu ndi mmene zinayendera. Lero makampani a mtunduwo, ena awoawo ndipo ena ogawana ndi anzawo a kunja, amagwira ntchito zokumba, zonyamula katundu, zokonza magalimoto ndi zoyendetsa makampu ogona antchito, ndiponso amabwereketsa malo kwa makampani ena pa mapaki a mafakitale amene ali pa nthaka yawo.

Tsopano ndibwerere ku mbuzi ya amalume. Chimene ndinadzaona n'chakuti mbuziyo ili ndi mbusa wolembedwa ntchito, amene amalandira malipiro ndipo akhoza kuchotsedwa. Makampani a mitundu imeneyi amakhala ndi mamanijala ndi bodi yawo, ndipo mfumu ndi makhansala ake, amene amasankhidwa pa chisankho, amaimira eni masheya, amene ndi anthu onse a mtunduwo. Phindu likapezeka limalowa m'thumba la mtundu, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera ndalama zomangira nyumba, zolipirira ana sukulu za ukachenjede, zoyendetsera malo a achinyamata, bwalo la masewera a pa ayezi ndi nyumba yosamaliramo okalamba kuti asamakafere kutali ndi kwawo. Ku Fort McKay ndalama zochokera ku boma la Canada zinasanduka gawo laling'ono kwambiri la ndalama zonse za mtunduwo, pamene m'midzi yambiri ya eni nthaka ndalama za boma ndizo zonse zimene zilipo. Sindikunena kuti kulibe mikangano. Kumene kuli ndalama kumakhala kung'ung'udza za amene walembedwa ntchito ndi amene wapatsidwa nyumba, ndipo Jim Boucher mwiniyo, atalamulira zaka pafupifupi 30, anagonja pa chisankho cha 2019. Koma kugonja kwakeko kunandiphunzitsa kanthu, chifukwa mfumu inachoka ndipo makampani anatsala, zimene sizikanatheka akanakhala a m'thumba mwake.

Si makampani onse a eni nthaka amene ali a mtundu wonse. Dave Tuccaro, wa mtundu wa Mikisew Cree, anamanga makampani akeake ogwira ntchito m'migodi ndipo anathandiza kukhazikitsa bungwe la amalonda a eni nthaka a kumpoto chakum'mawa kwa Alberta mu 1993. Kampani ya Bouchier, ya David Bouchier ndi Nicole Bourque-Bouchier, inayamba mu 1998 ndi chimakina chimodzi chokankha dothi, ndipo inakula n'kulemba ntchito anthu mazanamazana. Kumunsi kwa mtsinje, ku Fort Chipewyan, kumene galimoto imafikako m'nyengo yozizira yokha podutsa msewu wa pa ayezi, a Mikisew Cree ali ndi Mikisew Group, ndipo a Athabasca Chipewyan ali ndi Acden, imene inayamba mu 1994 ndi ntchito yotaya zinyalala. Pafupifupi onsewa anayambira pa ntchito zimene ena ankaziona ngati zapansi.

Pa nkhani ya ntchito ndiyenera kunena zimene ndinaona, osati zimene zimalembedwa m'timabuku totsatsa malonda. M'khitchini mwathu eni nthaka anali ochepa. Ambiri tinali obwera, ochokera ku Philippines, ku Somalia, ku Ethiopia, ku chigawo cha Newfoundland kum'mawa kwa Canada, ndi ine wa ku Dedza. Poyamba ndinkaona ngati chimenechi ndi chinyengo, kuti kampani ya eni nthaka idzaze ndi alendo, koma masamu ake ndi osavuta. Mtundu wa anthu 900, kuchotsapo ana, okalamba ndi amene amakhala m'mizinda, sungadzaze malo a ntchito zikwizikwi. Amene ankafuna ntchito ndipo anali ndi mphamvu ankaipeza, ndipo ambiri ankasankha zoyendetsa makina akuluakulu kapena za mu ofesi ya mtundu wawo, zimene zinali ndi malipiro abwino kuposa kusenda mbatata. Woyang'anira oyeretsa zipinda pa kampu yathu anali mayi wachikulire wa mtundu wa Cree, amene tinkamulemekeza ngati kholo. Tsiku lina tikumwa tiyi ndinawafunsa ngati sizinkawapweteka kuona alendo akudya pa kampani ya kwawo. Anandiyang'ana n'kundiuza kuti bambo awo anagwirapo ntchito kwa eni ake ambiri ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawamangira nyumba, koma tsopano mbale iliyonse imene ine ndinkatsuka inkaika kenakake pa denga la mdzukulu wawo. Anatero akuseka, ndipo nanenso ndinaseka, ngakhale kuti ndinazindikira kuti pa nkhani imeneyi waganyu ndinali ine.

Kontirakiti, ngakhale ikhale yaikulu chotani, ili ngati khasu lobwereka. Pakati pa 2014 mgolo wa mafuta unkagulidwa pa madola oposa 100 a ku America, koma pofika kumayambiriro kwa 2016 unali utatsika kufika pansi pa madola 30. Makampani a mafuta akafuna kuchepetsa ndalama zowononga amayamba ndi makontirakitala, kuwauza kuti atsitse mitengo kapena achoke, ndipo makampu ena anatsekedwa anthu n'kubwerera kwawo. Mu Meyi 2016 moto wolusa unatentha nyumba pafupifupi 2,400 ku Fort McMurray n'kuthamangitsa anthu oposa 80,000, ndipo ambiri amene anathawira kumpoto anasungidwa m'makampu a antchito ndiponso m'mudzi wa Fort McKay momwe. Migodi inaima kwa milungu ingapo, ndipo mgodi ukaima wothira dizilo ndi wophika amaimanso. Atsogoleri a mitunduyi anaona kuti ndalama za sukulu ndi za okalamba sizingamayendere mtengo wa mgolo wa tsiku limenelo.

Choncho mu Novembala 2017 a Fort McKay ndi a Mikisew Cree anachita chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa mlingo umenewo. Anagula magawo 49 pa 100 aliwonse a malo a mathanki a Suncor otchedwa East Tank Farm, amene amasunga, kuziziritsa ndi kusakaniza phula lochokera ku mgodi wa Fort Hills lisanalowe m'mapaipi. Mtengo wake unali madola 503 miliyoni a ku Canada, ndipo a Fort McKay anatenga magawo 34.3 pamene a Mikisew anatenga 14.7. Ndalamazo sanazitenge m'thumba la mtundu kapena kupempha ku boma, koma anabwereka madola 545 miliyoni pogulitsa mabondi, amene ndi zikalata za ngongole, pa msika wa ndalama, oti adzamalize kubweza mu 2041. Chikole chake sichinali nthaka, imene ndime 89 imaitchinga, koma ndalama zimene mathankiwo amalandira pa mgwirizano wa zaka zambiri wosungira phula. Nzeru yake ili pamenepo. Mwini thanki amalipidwa chifukwa chosunga, kaya mafuta akwera mtengo kaya atsika, mofanana ndi mwini nyumba ya lendi amene amalandira zake ngakhale malonda a wokhalamo asakuyenda bwino.

Ena anatsatira njira yomweyo. Mu 2019 boma la Alberta linakhazikitsa bungwe la Alberta Indigenous Opportunities Corporation loti liziimira kumbuyo ngongole zoterezi, ndipo mu 2022 midzi 23 ya First Nations ndi Métis inagula pamodzi magawo 11.57 pa 100 aliwonse a mapaipi 7 a kampani ya Enbridge pa mtengo wa madola 1.12 biliyoni.

Pali mbali ina imene imandinyansa, ndipo ndinaiona ndi maso anga pa kampani ina imene ndinagwirako miyezi yochepa ndisanapeze ntchito ya m'khitchini ija. Pa chikwangwani panali nthenga ya chiwombankhanga ndi dzina la m'chinenero cha eni nthaka, ndipo pa pepala magawo 51 anali a munthu wa mtundu wawo, koma munthuyo sitinamuonepo ngakhale tsiku limodzi. Magalimoto, mabwana, akawunti ya ku banki ndi zosankha zonse zinali za kampani ya kumzinda, ndipo mwini wa pa pepalayo ankangolandira kangachepe chifukwa cha dzina lake. Mu 2021 boma la Canada linalamula kuti magawo osachepera asanu pa 100 aliwonse a ndalama za makontirakiti ake azipita ku makampani a eni nthaka, ndipo pasanapite nthawi atolankhani ndi aphungu a nyumba ya malamulo anayamba kufunsa kuti ndi angati mwa makampani olembedwa m'kaundula amene analidi a eni nthaka. Wowerenga wa ku Malawi sangadabwe nazo, chifukwa lamulo lathu la 2017 la kagulidwe ka katundu wa boma linaikanso gawo la magawo 60 pa 100 aliwonse loti lizipita kwa mbadwa zakuda za dziko lino, ndipo tonse tamvapo za anthu obwereketsa mayina awo kwa eni ndalama. Kugawana kampani ndi mlendo si kulakwa, pakuti ngakhale a Fort McKay anakulira m'migwirizano yotere. Kusiyana kumaonekera pakapita zaka: kumene mgwirizano uli weniweni mumapeza mwana wa m'mudzimo atakhala foromani, makina ena atalembedwa m'dzina la mtundu, ndipo mabuku a ndalama akuwerengedwa pa msonkhano wa anthu onse.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a kuderali si ophiphiritsa ayi. Madzi otsukira mchenga aja amathiridwa m'madamu akuluakulu a zinyalala za mgodi, amene munthu akawaona koyamba amayesa nyanja. M'nyengo yotentha tinkagona tikumva mizinga ya gasi ikulira usiku wonse kuopseza mbalame kuti zisatere pa madzi amenewo, chifukwa mu 2008 abakha oposa 1,600 anafera pa damu la Syncrude ndipo kampaniyo inalipitsidwa madola 3 miliyoni. Mphepo ikatembenuka, fungo la phula ndi sulufule limalowa m'mudzi wa Fort McKay mpaka m'zipinda zogona. Mu Febuluwale 2023 malita 5.3 miliyoni a madzi oipa anasefukira pa mgodi wa Kearl wa kampani ya Imperial Oil, ndipo pamenepo m'pamene anthu a kumunsi kwa mtsinje anamva kuti madzi ena anali akuchucha pamalopo kuyambira mu Meyi chaka chapitacho. Anthu a ku Fort Chipewyan akhala akudandaula kwa zaka zambiri za matenda a khansa m'mudzi mwawo ndipo akhala akupempha kafukufuku wokwanira. Mfumu ya Athabasca Chipewyan, Allan Adam, ndi mmodzi wa anthu amene amadzudzula migodi mosabisa mawu, pamene kampani ya mtundu wake imagwira ntchito m'migodi momwemo. Anthu a m'mizinda ya kummwera amati kumeneku n'kudya ndi manja awiri. Ine ndinaleka kuganiza choncho nditamva nkhani ya Moose Lake.

Moose Lake ndi dera la nyanja limene lili kumpoto chakumadzulo kwa Fort McKay, kumene mtunduwo uli ndi malo ena osungidwa ndiponso manda a makolo. Ndi kumalo kumene kwatsala kumene munthu angamwe madzi a m'nyanja, kupha nsomba, kusaka ndi kuphunzitsa mwana kufufuta chikopa popanda kumva kulira kwa makina. Kwa zaka zambiri mtunduwo unkapempha boma la Alberta kuti liike malire a makilomita 10 kuzungulira malowo, ndipo mu 2015 nduna yaikulu ya chigawocho, Jim Prentice, inasaina kalata yolonjeza kuti dongosolo lotetezera malowo likonzedwa. Lonjezolo lisanakwaniritsidwe, mu 2018 bungwe loyang'anira za mafuta linavomereza kampani ya Prosper Petroleum kuti iyambe kupopa migolo 10,000 pa tsiku pafupi ndi nyanjayo. A Fort McKay, anthu omwe aja amene amathira dizilo m'makina a migodi ndi kusunga phula m'mathanki, anakana n'kupita kukhoti. Mu Epulo 2020 khoti la apilo la Alberta linafafaniza chilolezocho, ponena kuti bungwelo linayenera kuganizira udindo wa boma wosunga mwaulemu malonjezo ake kwa eni nthaka, ndipo mu Febuluwale 2021 boma linavomereza dongosolo loletsa mafakitale akuluakulu m'kati mwa makilomita 10 aja.

Mlandu wotere sutheka ndi mkwiyo wokha. Umafuna maloya a zaka zambiri, akatswiri oyeza madzi ndi mpweya, anthu ojambula mapu a njira za alenje, ndi ofesi yokhala ndi antchito owerenga zikalata zonse zimene makampani amatumiza. Zonsezi zimalipidwa, ndipo mtundu umene ndalama zake zonse zimachokera ku boma umavutika kuzenga mlandu boma lomwelo mpaka kumapeto. Agogo a anthuwa ankaletsedwa ndi lamulo kusonkha ndalama za loya, ndipo adzukulu awo analipira maloya ndi phindu la ntchito imene inayamba ndi tsache. Ndikayang'ana makampani a eni nthaka a ku Athabasca, chimene ndimachiona kukhala cholemera kuposa chiwerengero cha antchito ndi chimenechi, kuti anagulira mtunduwo mphamvu yonena kuti apa kumbani, koma apo musafikepo. Mphamvuyo inabwera mochedwa, nkhalango yambiri itapita kale, ndipo inagulidwa ndi ndalama zochokera m'kuwonongeka komweko, zimene mayi wa pa kampu uja sankazibisa akamakamba za malo amene bambo awo ankatcherako misampha, amene tsopano ali pansi pa damu.

Pali zoyesayesa zokonzekera tsiku limene mafuta adzathe kapena kusowa msika. Kuyambira mu 1993, pamene njati 30 zinabweretsedwa kuchokera ku malo osungirako nyama a Elk Island, a Fort McKay akhala akuweta njati za m'nkhalango pamodzi ndi Syncrude pa malo amene anakumbidwa kale n'kukwiriridwa, ndipo ku Fort Chipewyan mitundu itatu inatsegula munda wa magetsi a dzuwa mu 2020 kuti ichepetse dizilo wobwera pa msewu wa pa ayezi. Zimenezi ndi zabwino, koma ndi zazing'ono poziyerekeza ndi ndalama za migodi.

Nkhani yaikulu imene ili patsogolo pawo ndi ina. Pangano la 1899 linalonjeza malo amene sanaperekedwe onse, ndipo boma litabweza ngongole imeneyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mbali ina ya malo amene a Fort McKay analandira inali ndi mchenga wa mafuta pansi pake. Mu Malichi 2024 mtunduwo, motsogozedwa ndi mfumu Raymond Powder, unasainirana chikalata cha mgwirizano ndi Suncor kuti aunike ngati malowo angakumbidwe, pa nthawi imene mgodi wakale wa kampaniyo ukuyandikira kutha m'zaka za m'ma 2030. Ntchitoyo ikadzachitika, a Fort McKay sadzakhalanso okolopa, othira dizilo kapena osunga phula la eni, koma eni mgodi amene ena adzawalipire chifukwa chokumba. Nditawafotokozera amalume zimenezi pa foni, sanafunsenso za mfumu kapena za mbuzi. Anafunsa kuti mtsinje wa Athabasca umalowera kuti, ndipo ndinawauza kuti umalowera kumpoto, ku Fort Chipewyan, kumene kumakhala a Mikisew Cree, anzawo aja amene anagula nawo mathanki.